Kalata ya Abusa: Funso limene ndinafunsidwa pochokera ku Area 18

Okondedwa mwa Ambuye, akulu ampingo, atumiki, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi nonse a m'milaga yathu, mtendere wa Khristu ukhale nanu.

Mwezi wathawu taika maliro atatu. Pa achitatuwo, titabwerako ku manda a ku Area 18, tili pamzere wosamba m'manja pakhomo pa siwa, mayi wina wa mumpingo mwathu muno anandikokera pambali. Amuna awo anatisiya chaka chatha. Anati, "Abusa, bambo a kunyumba aja akumandibwerera kutulo, akuti akumva kuzizira. Akuchimuna akuti mzimu wawo sunagone, tiphike mowa ndi kumanga chiliza msanga." Lole yonyamula anthu inali ikuliza kale hutala, ndiye ndinangowayankha mwapatalipatali. Yankholo silinandigoneke tulo ine ndemwe. Andilola kuti ndilembe za nkhaniyi popanda kutchula dzina, poti ndikudziwa kuti funsoli si lawo okha.

Pa Genesis 2:7 timawerenga kuti Mulungu anaumba munthu ndi dothi, nauzira mpweya wa moyo m'mphuno mwake, munthuyo nakhala wamoyo. Mawu a Chihebri onena za munthu wamoyoyo ndi nefeshi, ndipo m'malo ena mawu omwewa amatanthauza mmero, podutsa mpweya, madzi ndi chakudya. Ngakhale nsomba ndi nyama za pa Genesis 1 zikutchedwa ndi mawu omwewo. Otanthauzira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, kawirikawiri anangolemba kuti "moyo", ndipo ine ndimaona kuti anasankha bwino. Wa Masalimo 42 akamati moyo wake ukupuma wefuwefu kukhumba Mulungu monga nswala ikhumba mitsinje, akunena za munthu yense wathunthu, kummero kuli gwa ndi ludzu. Moyo wa munthu ndi chinthu chaludzu. Sudziimira pawokha, mpweya uja ndi wobwereka, ndipo mwini wake ndi amene anauuzira.

Mnyamata wina m'kalasi ya katekisma anandiuza kuti mzimu uli ngati simu khadi, thupi ngati foni: foni ikafa, simu umangoichotsa n'kuika mu ina. Kalasi yonse inaseka, nanenso ndinaseka, chifukwa mwanayo ndi wochenjera. Koma fanizolo likutsimphina. Foni yakufa timaiponya m'dirowa n'kuiiwala, pamene thupi la munthu Mulungu saliiwala. Yesu atauka kwa akufa anapempha chakudya, ophunzira namupatsa chidutswa cha nsomba yootcha, nadya iwo akuona. Mu Chikhulupiriro cha Atumwi timavomereza kuuka kwa thupi. Ndiye chifukwa chake mtembo timausambitsa ndi ulemu, ndipo ndi chifukwa chakenso sitingauze wodwala amene wagona ku chipatala cha Central alibe womudikirira kuti, "Bola mzimu wanu uli bwino," ife n'kubwerera kunyumba osamusiyira ngakhale phala.

Nanga munthu akamwalira, moyo uja umapita kuti? Mlaliki 12:7 akuti fumbi limabwerera kunthaka, mzimu n'kubwerera kwa Mulungu amene anaupereka. Wachifwamba uja wopachikidwa pambali pa Ambuye sanauzidwe kuti adikire mpaka abale ake amete kapena aphike mowa. Anauzidwa kuti lero lomwe adzakhala nawo m'Paradaiso. Katekisma wa ku Heidelberg wa mu 1563, pa funso 57, akuphunzitsa zomwezo: moyo wa wokhulupirira umatengedwa nthawi yomweyo kupita kwa Khristu, ndipo thupi lidzaukitsidwa n'kulumikizananso nawo.

Apa ndisanyoze makolo athu. Pamene ankathira nsembe ya ufa patsinde pa mpoza, ankadziwa chinthu chimodzi choona, chakuti dzenje la kumanda silimaliza munthu. Uthenga Wabwino usanafike ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, iwo anali atazindikira kale zimenezo. Chimene analibe ndi chitsimikizo cha kumene wakufayo ali, ndiye mantha anadzaza mpatawo: mwina wakwiya, mwina wasanduka chiwanda, mwina ndiye akudwalitsa mwana. Mantha amenewa sanatsale kumudzi ayi, anakwera nafe basi kubwera ku Kawale ndi ku Chinsapo, ndipo lero alipo anthu ovala masuti amene akuwasandutsa malonda, kugulitsa timabotolo ta madzi ndi mafuta toti "timasule mzimu wa malemu". Ndinena mosabisa mawu: ameneyo akudya ndalama za amasiye.

Tsono mayi, ndikuyankheni bwino lero. Amuna anu anamwalira akugwira dzina la Yesu; ndinalipo, ndinawadyetsa mgonero womaliza ali pamphasa. Sakuzizidwa. Kumene ali kulibe mwezi wa June. Koma inu mwagona nawo chipinda chimodzi zaka zambirimbiri, ndipo tsopano mphepo ya chisanu ikamalowera pansi pa chitseko, mbali ina ya bedi ili pululu. Kuzizira kumene mukukumva kutuloko ndi kwanu, mayi, ndipo si tchimo. Ndi moyo wanu umene ukulira mnzake. Mtima ukasowa munthu umamulota, monga wogona ndi njala amalota nsima. Mukadzidzimuka usiku musayankhule ndi malemu kapena kuwalonjeza kanthu. Yankhulani ndi Iye amene akuwasunga.

Za chiliza, mpingo suletsa. Kuika mwala wokumbukira wokondedwa ndi chinthu chabwino, Yakobo naye anaimika mwala pamanda a Rakele. Koma mumange pamene mwapeza, osati chifukwa choopsezedwa. Ndaonapo banja likutenga katapila kuti ligule matailosi a pamanda, mwana wa malemu yemweyo atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Akuchimuna amene akukakamiza za mowawo ndikufuna ndikhale nawo pansi ineyo pamodzi ndi akulu ampingo awiri, mwaulemu, poti nawonso ataya mbale wawo.

Amayi a Chigwirizano, mukakumana Lachinayi likudzali mugawane mayina a amasiye onse a m'milaga yanu, amuna ndi akazi omwe. Paliro timadzaza bwalo, koma pakatha masabata awiri pakhomo pamangotsala nkhuku. Pitani awiriawiri, makamaka madzulo, ndipo musathamangire kutsegula Baibulo musanamve zimene mwini nyumba akufuna kunena. Amene muli ndi bulangeti lapadera, mubwere nalo Lamulungu mukasiye kwa atumiki ku vesitili.

Ine mbusa wanu mwa Khristu,
Lilongwe