Kwa eni garaja amene munapenta thanki ya njinga yamoto ya bambo anga

Bambo, ndalemba poyera pano chifukwa kuyambira Lachiwiri simukuyankha foni yanga, ndipo mauthenga a pa WhatsApp mukungowerenga n'kukhala chete. Dzina la garaja yanu sinditchula, koma inuyo mukudzidziwa, ndipo thanki ija mukuikumbuka.

Njinga imeneyi ndi BMW R60/2 ya mu 1966, yopangidwa ku Munich. Malemu bambo anga anaigula yogwirako kale ntchito mu 1974, ndipo ndi imene inkanditengera kusukulu ndili mwana, nditakhala kumbuyo, manja ali m'chiuno mwawo. Ineyo ndatha zaka zitatu ndikuidzutsa pang'onopang'ono, ndalama ikapezeka. Injini inalira mwezi wa Marichi. Chinatsala ndi thanki basi.

Tsiku limene ndinabwera kwanu sindinabwere chimanjamanja. Ndinakupatsani zithunzi zisanu, ndinanyamulanso madigadi ya kutsogolo imene ikadali ndi penti ya ku fakitale kuti muonerepo. Tinakhala pabenchi kunja kwa garaja ndikukufotokozerani kuti njinga za mtundu umenewu, zimene zinkapangidwa kuyambira 1960 mpaka 1969, zambiri zinkakhala zakuda bii, kuda kopanda tinyenyezi tonyezimira, ndipo mizere yake yoyera ndi iwiri, wina wotakata, wina wopyapyala, yoyendera limodzi. Ku fakitale mizereyi ankailemba ndi dzanja, ndi burashi, pamwamba pa penti. Ndinagwira chala chanu n'kuchiyendetsa pamadigadi paja kuti mumve mmene mzere umatukukira pang'ono pansi pa chala. Munagwedeza mutu n'kunena kuti muli ndi mnyamata wolemba zikwangwani amene dzanja lake silinjenjemera. Pa mawu amenewo ndinapereka K280,000 yoyambira, ndipo lisiti ndili nalo.

Tinagwirizana milungu itatu. Munakhala nayo miyezi iwiri. Zimenezo ndikanakhululuka.

Koma taonani chimene munandibwezera. Penti yake ndi ya galimoto, ija yamakono yokhala ndi tinyenyezi, moti ndikaika thanki pafupi ndi madigadi padzuwa, zikuoneka ngati za njinga ziwiri zosiyana. Mizere ija si yolemba ndi burashi ayi. Ndi tepi yomata, yofanana ndi imene amakongoletsera maminibasi, ndipo mwaikwirira ndi vanishi wochindikala kuti isadziwike. Mizere yonse iwiri kukula kwake n'kumodzi. Pamene mzere umakhota kuzungulira mphira wotsamirapo bondo, tepi yakwinyika, ndipo kumanzere yakwera kuposa kumanja ndi pafupifupi chala chathunthu. Dzanja la munthu waluso limasiya tizizindikiro take, pena mzere kunenepa pang'ono pamene burashi yathiridwa penti yatsopano, ndipo ndicho chimene ndinkafuna, chifukwa ndi mmene njinga ya bambo anga inkaonekera. Izi ndi zina, n'kufulumira kwa munthu amene sanafune kuvutika.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi mabaji. Mabaji a BMW a buluu ndi zoyera aja amamangidwa ndi tisikuluwu, samatidwa ndi guluu. Anyamata anu anatseka timabowo take ndi fila, n'kupenta pamwamba, kenaka n'kumata mabaji ndi guluu. Ya kumanja yapendekeka. Imodzi yathetheka m'mphepete, ndipo sindinabwere nayo choncho, zithunzi zanga zikuchitira umboni. Kachitseko ka malo osungiramo masipanala, kamene kali kumanzere kwa thanki, munakapenta kali kotseka, moti ndachita kukatsegula ndi mpeni, penti n'kusendeka nayo.

Loweruka ndinathiramo petulo koyamba, malita asanu okha mu thanki ya malita 17. Madontho ochepa anagwera pakamwa pa thanki. Pofika madzulo penti ya pamenepo inali itatupa ngati chithuza cha moto, ndipo nditaikhudza ndi chikhadabo inachoka, pansi pake n'kuoneka dzimbiri. Ndiye kuti simunapale mpaka pachitsulo monga tinapanganirana, ndipo m'mphepete mwa pakamwapo simunamalizemo bwino kuti petulo asalowe pansi pa penti. Thanki ya njinga yamoto imakumana ndi petulo tsiku lililonse, bambo. Zimenezi inu mumazidziwa kuposa ine.

Mukanandiuza poyamba kuti ntchito ya mizere simungaithe, ndikanakuthokozani n'kukafuna wina. Mmisiri kunena kuti apa sindingathe si manyazi. Inu munalandira ndalama, munaona madigadi ija ndi maso anu, ndiye munandipatsa tepi n'kundiuza kuti ndi burashi.

Yotsala ija, K170,000, sindilipira. Ndipo thanki sindibweretsanso kwanu. Ndikupempha mundibwezere K280,000 yanga kuti ndikalipire munthu wopala zonsezi ndi kuyambiranso, komanso mundipatse mphira ziwiri za m'mabondo zoyambirira zimene zinatsalira pashelefu yanu, pakuti zimene mwaikapo si zanga. Ndikudikirani mpaka Lachisanu masana. Mukapanda kuyankha ndikatula nkhaniyi ku CFTC, bungwe la boma loteteza ogula ndi kuona chilungamo pa malonda, pamodzi ndi lisiti, zithunzi ndi mauthenga athu onse.

Anzanga amene mukuwerenga, ngati mukudziwa mmisiri mu Blantyre muno kapena ku Lilongwe amene amalembadi mizere ndi burashi, ndilozereni, ndikamuone akugwira ntchito ndisanamupatse thanki.