Kalata yochokera ku Linga: za mkangano wa dambo lija

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ulongweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Nkhotakota tilipo, kungoti mwera wavuta, asodzi sakulowa m'nyanja ndipo usipa wakwera mtengo.

Ndalemba chifukwa cha nkhani ija ndinakuuzani pafoni chaka chatha, ya midzi iwiri imene inatemana ndi zikwanje polimbirana minda ya mpunga. Nyumba zinapsa, ndipo mnyamata wina mpaka lero amayenda motsimphina. Apolisi atabwera ndeu inazizira, koma kuzizira kwake kunali kwa moto wa mankhusu, pamwamba phulusa pansi ukunyeka.

Mwezi wathawu kunabwera bungwe lina kudzayanjanitsa anthu. Msonkhano unachitikira ku loji ya m'mbali mwa nyanja, masiku atatu, ndipo ine anandiitana ngati mphunzitsi wa m'deralo. Ndisakubisireni, achimwene, zinandiwawa. Mayina a opita kumeneko anakawapempha kwa agulupu, chonsecho agulupuwo ndi amene anagawa minda ija kawiri. Ndiye analemba aphwawo, alamu awo ndi nduna zawo. Wa mudzi winawo anali mmodzi yekha, anakhala pakona osatsegula pakamwa mpaka tsiku lotsekera. Tinalemba pamapepala aakulu, tinajambulitsa, aliyense anasainira alawansi yake. Anyamata a bungwewo ndi akhama, sindikuwanyoza ayi, koma sanayambe afunsa kuti m'mudzimo mawu a ndani amamveka, nanga amene amaopa kuyankhula pamaso pa agulupu ndi ati.

Amene akulumikiza midziyi ndi amayi a banki mkhonde. Gulu lawo lili ndi anthu a mbali zonse ziwiri, ndipo ngongole siyidikira kuti amuna akhululukirane kaye. Ankakumanabe Lachinayi lililonse pansi pa mtengo wa mango, poyamba osayang'anana n'komwe, kungoponya masheya n'kubalalika. Agogo ena a tsidya lija atamwalira, ndi amayiwa amene anasenza nkhuni ndi ufa kupita kusiwa. Amuna anachita manyazi, nawonso anatsatira. Kumanda ndinaona ndi maso angawa bambo amene nyumba yake inatenthedwa akulandira khasu m'manja mwa mkulu wake wa mnyamata amene anaitentha. Sanalankhulane, koma anakumba dzenje limodzi. Shehe ndi ansembe a Angilikani anayima moyandikana. Mwa amayi onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaitanidwa ku loji.

Zimenezi zandikumbutsa inu. Munafika ku Dedza muli kamnyamata pothawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo kwanu ku Mozambique, nthawi imene Malawi inasunga anthu a kwanu pafupifupi miliyoni imodzi. Pa 4 Okutobala 1992 Pulezidenti Chissano wa Frelimo ndi Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, anasainirana pangano la mtendere ku Rome, ndipo pakati pa amkhalapakati panali gulu la Akatolika la Sant'Egidio ndi Bishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Koma inu munkandiuza kuti kumudzi mtendere unafika mochedwerapo, pamene anyamata obwera kunkhondo anasambitsidwa mankhwala n'kuloledwa kudyanso mbale imodzi ndi abale awo. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi mipingo anayamba kulandira mfuti posinthana ndi makasu, njinga ndi makina osokera, chifukwa siginecha ya ku Rome sikanafukula mfuti zokwiriridwa kuseri kwa nyumba.

Chimene ndimachiganizira kwambiri ndi nkhani ya mafumu. Frelimo itatenga boma mu 1975 inawalanda mphamvu powanena kuti anali anthu a Apwitikizi, Renamo n'kuwakopera mbali yake, mpaka mu 2000 boma linawazindikiranso. Ndiye kuwataya mafumu n'kudzipalira moto. Ine sindikufuna kuti agulupu athu achotsedwe pa zokambirana, chifukwa popanda iwo malire a minda sangakhazikike. Chimene ndikukana n'chakuti munthu amene ali ndi mbali pa mlandu akhalenso wosankha oweruza ndi mboni zomwe.

Kuno Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la mtendere ndi umodzi mu 2022, limene likuti m'maboma mukhale makomiti a mtendere. Ndi ganizo labwino. Nkhawa yanga ndi yomweyi ya mayina. Ndalankhula kale ndi amayi aja kuti pa msonkhano wa chitukuko wa kwa mfumu yaikulu tidzapite limodzi, adzayankhule okha. Awiri avomera, ena akuopa kulandidwa minda, ndipo mantha awowo ndi omveka.

Tsono ndithandizeni, achimwene. Mutabwerera kwanu munapeza anthu ena akulima m'minda ya bambo anu. Munaithetsa bwanji nkhaniyo? Anakhala pabwalo ndi ndani, nanga amayi anu anapatsidwa mpata woyankhula? Mundilembere mwatsatanetsatane mvula isanagwe, chifukwa madzi akangolowa m'dambo anthu ayambanso kuloza malire ndi zikwanje.

Ndakusungirani thumba la mpunga wa Faya, ndikusowa wopatsira. Mundiperekere moni kwa alamu.

Ndine mnzanu wa ku Linga.