Kuthokoza a ku National Archives ku Zomba pondipezera buku la khoti la agogo anga

Kwa Mkulu wa National Archives of Malawi,
Zomba.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi kuti ndithokoze inu ndi antchito anu chifukwa cha masiku anayi amene ndinakhala m'chipinda chanu chowerengera mwezi wathawu. Ndine mphunzitsi wopuma wa ku Dedza. Ndaphunzitsa mbiri ku sekondale mpaka imvi kumutu, koma chimene chinandikweza basi kubwera ku Zomba si ntchito ya kusukulu ayi. Ndi nkhani ya pabanja pathu.

Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, anali kalaliki wa khoti la mfumu kuyambira nthawi ya nkhondo yachiwiri mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kwathu mbiri yawo imakambidwa pawiri. Ena amati anali munthu wa cholembera choongoka, wosalandira ngakhale nkhuku. Ena amati anali khutu la Bwana DC. Pamaliro pawo panali abale enieni amene sanabwere, ndipo mayi anga anatisiya osatiuza chifukwa chake. Ndinkafuna ndidzionere ndekha zimene dzanja lawo linalemba.

Tsiku loyamba ndinapempha mafayilo a makhoti. Mayi amene anali pa desiki anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula pakamwa, kenaka anati: "Bambo, mabuku a makhoti a mafumu ankapita kwa DC kuti akawaone. Tiyambire m'mapepala a ku boma la kwanu." Anandichenjezanso kuti za kale kwambiri n'zochepa, chifukwa moto umene unatentha maofesi a Secretariat ku Zomba mu 1919 unapita ndi mapepala ambiri, ndipo ntchito yosunga zolembedwa mwadongosolo inayamba mu 1947, pamene ofesi yanu inatsegulidwa ngati nthambi ya Central African Archives ya ku Salisbury, Harare ya lero. Mnyamata wina ananyamula mabokosi ulendo ndi ulendo osatsinya nkhope. Masiku awiri sitinapeze kanthu. Ndinkafuna kulongedza, koma mayiwo anandikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lachitatu m'mawa mnyamata uja anaika patsogolo panga buku lachikuto cholimba, m'mphepete mwake chiswe chitalawako, ndi mapepala ena omangidwa ndi pini wadzimbiri amene anamuchotsa yekha mosamala kuti pepala lisang'ambike. Nditangotsegula ndinazindikira dzanja la agogo, lomwe lija la m'Baibulo lawo limene lili kunyumba kwanga.

Mawu a mayi aja, akuti mabuku ankapita kwa DC, ndi amene anandimasulira zonse, ndipo ndikanakonda ndikanawamva ndikadali m'kalasi. Ana asukulu timawauza kuti mu 1933, nthawi ya Bwanamkubwa Hubert Young, atsamunda anabwezera mafumu mphamvu zoweruza milandu. N'zoona, lamulo la makhoti a mafumu linabwera chaka chimenecho limodzi ndi lamulo lokhazikitsa ma Native Authority. Koma timalumpha zimene zinalipo kale. Khoti lalikulu linakhazikitsidwa ndi lamulo lochokera ku London mu 1902, ndipo lamulo lomwelo ndi limene linabweretsa malamulo a ku England m'dziko muno. Linanenanso kuti pa milandu ya anthu akuda makhoti azitsata mwambo wa eni dziko, pokhapokha ngati mwambowo ukusemphana ndi chilungamo ndi khalidwe labwino. Funso n'lakuti, woyeza chilungamo ndi khalidwe labwinolo anali yani? Anali mzungu wa pa boma, yemwe poyamba ankatchedwa Collector, kenaka Resident, kenaka DC. Munthu mmodzi yemweyo ndiye wotolera msonkho, ndiye wotuma asikari kukagwira wothawa msonkho, ndiyenso majisitireti womuweruza, kudzera mwa womasulira. Wofuna kupitirira khoti lalikulu la ku Blantyre ankayenera kuloza kunja kwa dziko: poyamba ku khoti la apilo la kum'mawa kwa Africa limene linayambira ku Zanzibar, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ku Salisbury, ndipo pamapeto pake ku London. Ndi mlimi uti wa ku Dedza akanafika kumeneko? Lamulo la 1912 linapatsa mafumu ena udindo wothandiza boma, koma bwalo la pansi pa mtengo linkangopitirira lokha, boma osaliwerengera. Choncho chimene chinachitika mu 1933 n'chakuti bwalo lija linapatsidwa chilolezo, buku, kalaliki ndi mesenjala. Ndipo wopereka chilolezo ndi yemweyo amene akhoza kuchilanda.

Bukulo linalembedwa m'Chinyanja, ndi inki yakuda. Patsamba lililonse pali dzina la wodandaula, la woyankha mlandu, mawu a mboni mwachidule, chigamulo, ndi chidindo cha chala cha amene sankadziwa kulemba. Maloya sankaloledwa m'makhoti amenewa, ndiye mawu amene ali m'menemo ndi a eni ake. Koma m'mphepete mwa masamba muli inki ina yofiira, ya Chingerezi, ya dzanja lina. Ameneyo ndi DC. Penapake anangosayina. Penapake anafunsa funso. Penapake anakhwatcha chigamulo cha mfumu ndi nduna zake n'kulemba chake.

Milandu ya zaka zoyambirira ndi yomwe timaidziwa: mbuzi zadya chimanga cha mwini, malire a dimba, chigololo ndi chipepeso chake, ukwati kutha. Pa umodzi, mkamwini ankafuna kuchoka ndi ana banja litatha. Ankhoswe a mbali zonse analankhula, ndipo khoti linati ana ndi a mbumba ya mayi, woyang'anira ndi atsibweni awo. DC anangosayina. Zoterezi sizinkamukhudza. Pa wina, mfumu inalipitsa munthu chindapusa chachikulu pa mlandu waung'ono wa kutukwana, ndipo inki yofiira inachitsitsa n'kufunsa ngati wotukwanidwayo sanali mbale wa mfumu. Apa ndiyenera kunena chilungamo: diso la DC linamupulumutsa munthu ameneyu. Mafumu athu sanali angelo, ndipo sindinabwere ku Zomba kudzawayeretsa.

Chimene mulibe m'bukumo ndi milandu ya ufiti, chonsecho tonse tikudziwa kuti ndiyo inkagwedeza midzi. Lamulo la 1911 linaletsa mwabvi, ndipo linati wolakwa ndi amene waloza mnzake chala kuti ndi mfiti. Lamulo loletsa mwabvi linapulumutsa miyoyo yambiri, sindikukana. Koma milanduyo sinathe, inangochoka pabwalo n'kumakambidwa usiku, kumene kalaliki sankafikako.

Tsopano ndifike pa masamba amene anandikhazika chete. Kulowa m'zaka za m'ma 1950 buku likusintha. Mbuzi ndi maukwati zikuchepa, malimidwe akudzaza. Achinyamata a lero sadziwa kuti mawu amenewa kale ankawawa bwanji. Boma linalamula kuti aliyense alime mizere yopingasa, akumbe milambala, azule mapesi pa nthawi yake, ndipo wolephera ankatengeredwa ku khoti la mfumu. Pofuna kuteteza nthaka anali ndi mfundo, koma njira yake inali ya chikwapu. Tsamba lina lili ndi funso la inki yofiira: bwanji milandu ya malimidwe yachepa mwezi uno? Pansi pake agogo anayankha m'Chingerezi chawo cha ku mishoni kuti anthu ambiri akudwala ndipo amuna ali ku Joni ndi ku Salisbury. Palibe yankho la DC, kupatula mzere umodzi wofiira pansi pa funso lake lomwe. Mwezi wotsatira maina akutsikira tsamba lonse mpaka kuseri, mlandu umodzimodzi, chindapusa chimodzimodzi cha masheleni, dzanja la agogo likuoneka kuti likuthamanga. Ambiri ndi amayi. Pakati pa mainawo pali dzina la mlongo wawo wa agogo, bere limodzi, amene amuna awo anali atapita ku migodi osabwerako. Chidindo cha chala chawo chili pambali pa zilembo za mchimwene wawo.

Ndinatseka buku n'kutuluka panja. Mayi a pa desiki sanandifunse kanthu. Nditabwerera ndinapeza andisungira tsambalo ndi kapepala, ndipo anangoti, "Khalani kaye pansi, Bambo, nthawi ilipo." Pa zonse zimene ndikuthokoza, ichi ndicho chachikulu.

Akulu anati mlandu suwola, ndipo uwu wakhala m'banja mwathu zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Ana a agogo aakazi aja ndiwo sanabwere pamaliro. Bukulo silinawayeretse agogo anga. Analemba dzina la mlongo wawo, ndipo sindinapeze paliponse posonyeza kuti anakana kapena anawalipirira. Koma landionetsa pamene anaima: pamwamba pawo mfumu, pamwamba pa mfumu inki yofiira. Ndipo mafumu ankadziwa chimene chimachitikira wokana. Kwa anansi athu ku Ntcheu, Inkosi Gomani II, a Philip Gomani, anauza anthu awo mu 1953 kuti asamvere malamulo a malimidwe potsutsa Chitaganya. Boma linawachotsa pampando, apolisi anapita kukawagwira, iwo anathawira mbali ya Apwitikizi limodzi ndi Mbusa Michael Scott, anabwezedwa, ndipo anamwalira chaka chotsatira ali kutali ndi mudzi wawo. Ngati zinatero ndi Inkosi ya Makosi, kalaliki wa pa khoti laling'ono akanalimba mtima kufika pati? Sindikuwaikira kumbuyo, chifukwa alipo amene anasiya ntchito zotere. Ndikungoti tsopano ndikudziwa kulemera kwa chimene anasankha.

Masamba a 1959 ndi ochepa. Pa 3 Malichi chaka chimenecho Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi, anthu mazanamazana anatsekeredwa ku Kanjedza ndi kwina popanda kuimirira pamaso pa woweruza aliyense, Dr Banda n'kutumizidwa ku ndende ya ku Gwelo. Jaji wa ku England komweko, Patrick Devlin, atabwera kudzafufuza, analemba kuti dziko lino linali litasanduka lolamulidwa ndi apolisi. Buku la agogo likuthera chakumayambiriro kwa 1962, chaka chimene makhoti a mafumu analowedwa m'malo ndi ma Local Court. Ntchito yoweruza inachotsedwa m'manja mwa DC ndi ulamuliro wa mafumu n'kuikidwa pansi pa unduna wa zachilungamo, ndipo amene anatsogolera kusinthaku anali a Orton Chirwa, loya woyamba wa dziko lino. Cholinga chinali chabwino, chakuti wolamula asakhalenso woweruza.

Pobwerera ku depoti tsiku lomaliza ndinadutsa pafupi ndi ndende ya Zomba, ndipo mtima unandiwawa. Mu 1969 makhoti omwe aja anasinthidwa kukhala ma Traditional Court, ena mwa iwo n'kupatsidwa mphamvu zoweruza milandu ya kupha, ndipo patapita zaka, youkira boma, loya osaloledwa kulowamo. Khoti lotero ndi limene linagamula a Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983, ndipo a Orton anafera m'ndende imeneyo mu 1992. Inki yofiira ija sinapite ndi DC pa ndege. Inatsala patebulo, wina wa ife tomwe n'kuitola. Zimenezi ndinkaziphunzitsa ngati mitu iwiri yosiyana, wa atsamunda ndi wa chipani chimodzi. Pa tebulo lanu ndi pamene ndinaona kuti ndi chingwe chimodzi.

Bwana, ndikudziwa kuti ntchito yanu ndi yosaoneka. Anthu ambiri amadutsa pamsewu osadziwa kuti m'nyumbamo muli maina a agogo awo. Wina anapukuta fumbi pa buku limeneli, wina analilemba m'kaundula, wina analiteteza ku chinyezi cha Zomba chaka ndi chaka, osadziwa ngati kudzabwera munthu wolifuna. Ndikupempha kuti mundifikitsire kuthokoza kwanga kwa mayi a pa desiki ndi mnyamata wa mabokosi uja. Maina awo sindinawalembe muno, koma inu mukuwadziwa.

Tsamba lija munandilola kulijambula ndalipititsa kwa azakhali anga, mwana womaliza wa agogo aakazi aja, amene ali ndi zaka zoposa 80. Anapempha mdzukulu wawo kuti awawerengere kawiri, kuphatikizapo funso la DC ndi yankho la agogo. Sananene kuti akhululuka. Anangoika chala chawo pa chidindo cha mayi awo, n'kundiuza kuti ndidzabwerenso tikakolola, ali ndi zoti andiuze.

M'sutikesi ya agogo muli kabuku kena kamene ankalembamo za ulendo wa khoti m'midzi, ndi kalata yowalemba ntchito. Abale tagwirizana kuti zimenezi zidzakhale kwa inu, pafupi ndi buku lija. Ndidziwitseni tsiku limene ndingabwere nazo.

Ine wanu,
Mdzukulu wa kalaliki wa khoti,
Dedza.