Nkhope zotoledwa m'msewu

Wokondedwa Chikondi,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko. Kuno tilipo ndithu.

M'kalata yako unati nkhani za DNA, malangizo a chibadwa amene ali m'thupi la chamoyo chilichonse, tingowasiyira asayansi, ife anthu wamba sitingazimve. Pamenepo ndiye ndakana, ndipo amene andilimbitsa mtima ndi anthu aluso.

Mu 2012 mayi wina wa ku America, Heather Dewey-Hagborg, anayamba kutola zinyalala m'misewu ya New York: zotsalira za ndudu, chingamu chotafunatafuna, tsitsi lothothoka. Ankapita nazo ku Genspace, labotale ya ku Brooklyn imene munthu wamba amaloledwa kugwiramo ntchito, n'kuchotsamo DNA. Kompyuta inkayerekeza mtundu wa maso, khungu, ngati mwini wake ndi mwamuna kapena mkazi, kenako mayiyo n'kuumba nkhope ndi makina a 3D, kuzipachika pakhoma. Ntchitoyi anaitcha Stranger Visions. Nkhopezo sizinkafanana ndendende ndi eni ake, zinkangokhala ngati za achibale awo. Koma taganiza, munthu walavula chingamu n'kumapita, osadziwa kuti wasiya chinsinsi cha thupi lake pansi. Anamupempha ndani? Funso limeneli silifuna digiri. Ena atha kuchita zomwezi mobisa, koma mayiyu anachitira poyera kuti tonse tione zimene zikutheka.

Nkhani ya Steve Kurtz wa gulu la anthu aluso la Critical Art Ensemble imandiwawa kwambiri. Mu 2004 mkazi wake anamwalira mwadzidzidzi kunyumba kwawo ku Buffalo, ku America komweko. Obwera kudzathandiza ataona mabakiteriya m'timbale ndi zipangizo za labotale, nkhani inakafika kwa a FBI, apolisi ofufuza milandu a boma la America. Chonsecho mabakiteriyawo anali osavulaza, ndipo zina mwa zipangizozo zinali zoti anthu azibwera ndi chakudya chawo pachionetsero, n'kuona ndi maso awo ngati muli mbewu zosinthidwa chibadwa. Aboma anamuganizira Kurtz za uchigawenga, kenako n'kumuimba mlandu wa chinyengo, umene woweruza anauthetsa mu 2008. Zaka zinayi munthu woferedwa ali pamlandu.

Sikuti zonse ndimaziombera m'manja. Kalulu Alba, amene waluso wina, Eduardo Kac, anamutchukitsa mu 2000 chifukwa chowala mobiriwira atamuika jini (kachigawo ka DNA) ya nyama ya m'nyanja, amandimvetsa chisoni. Nyamayo inalibe poyankhulira.

Undiyankhe msanga, undiuze ngati ungalole kuti malovu ako ayezedwe ndi kusungidwa iwe osadziwa. Moni kwa onse kumeneko.

Ine mnzako,
Tiyamike