Kwa kampani yomwe inandikonzera ulendo wa ku Mauritius: bwezani ndalama za visa yaulere, ndipo yankhani za inshuwalansi ya mwana wanga

Abwana oyang'anira kampani, ndi inu mayi amene munandithandiza pa desiki ya maulendo akunja, ndakupatsani moni. Ndalemba pagulu chifukwa njira zakumbali zandikanika. Imelo simuyankha. Pa WhatsApp zimaoneka kuti mauthenga anga mwawerenga, koma kuli zii. Foni ikayankhidwa, ndimauzidwa kuti abwana ali pamsonkhano, ndiimbenso mawa. Dzina la kampani sindilitchula lero, koma nambala ya risiti yanga muli nayo, ndipo mukundidziwa bwino lomwe.

Ine ndimawerengera ndalama kampani ina ya ku Britain, ntchito yonse pa kompyuta, malipiro amachokeranso komweko. Kuthimathima kwa magetsi ndi intaneti yodukaduka zinayamba kundidanitsa ndi mabwana anga, ndiye ndinaganiza zokakhala chaka chimodzi ku Mauritius ndi mwana wanga wamkazi pa chiphaso chotchedwa Premium Visa. Boma la Mauritius linachiyambitsa mu 2020, nthawi ya Covid-19, kuti anthu ogwirira ntchito makampani akunja pa intaneti azikhala pachilumbachi mpaka chaka chathunthu, ndipo chikatha munthu akhoza kupempha kuti chiwonjezeredwe. Ndinabwera kwa inu chifukwa mumadzilengeza kuti ndinu akadaulo pa maulendo otere.

Tiyambe ndi ndalama. Pa pepala la malipiro munalembapo mzere wakuti visa fee, madola mazana angapo, ine ndi mwana aliyense payekha. Mayi, munandiuza pamaso kuti ndalamazo zikupita ku boma la Mauritius, n'chifukwa chake munafuna madola enieni, osati makwacha. Nonse mukudziwa mmene dola imasowera kumudziko, makamaka chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndinagulitsa firiji ndi mipando ya pabalaza kuti ndikwanitse.

Nditafika kuno ndinapeza kuti Premium Visa ndi yaulere. Boma sililandira ngakhale tambala. Munthu amadzaza yekha fomu pa intaneti, pansi pa bungwe la Economic Development Board, n'kutumiza chithunzi cha pasipoti, tikiti ya ndege, umboni wa malo ogona, inshuwalansi, ndi mapepala a ku banki osonyeza kuti amalandira madola osachepera 1,500 pamwezi, kuwonjezerapo 500 pa mwana aliyense. Chiphasocho chimabwera pa imelo. Ngakhale amene analowa m'dzikoli ngati mlendo wodzaona malo akhoza kupempha ali konkuno. Mukanati ndalamazo ndi zolipirira ntchito yanu yondidzazira fomu, sindikanadandaula, pakuti wantchito ayenera kulandira malipiro ake. Komatu malipiro a ntchito yanu anali pa mzere wakewake, ndipo ndinaperekanso. Zimene munachitazi n'chimodzimodzi kuima pa mjigo wa m'mudzi n'kumagulitsa madzi kwa mlendo, n'kumati ndalamazo akufuna ndi amfumu. Ndiuzeni, madola anga analowa m'thumba la ndani?

Komabe chimene chandipweteka mtima kwambiri ndi inshuwalansi.

Ndinanena momveka kuti tikukakhala chaka, osabwerera pakati. Munanditumizira tsamba limodzi lokhala ndi mayina athu awiri ndi masiku osonyeza miyezi 12. Ndinafunsa ngati ikulipira chipatala nthawi yonseyi, inu munati, "Musadandaule amayi, zonse zili m'menemo." Uthengawo ndinausunga.

Patapita miyezi ingapo mwana wanga anadzuka usiku thupi lili moto, akulira mutu ndi kuseri kwa maso, miyendo osatha kuiwongola. Kuno kuli matenda a dengue, amene anavuta kwambiri mu 2024. Udzudzu wake umaluma masana, choncho neti imene tinazolowera pa malungo siiteteza mokwanira. Mwininyumba wanga, bambo wachikulire wachifundo, anatinyamula pa galimoto yake mpaka ku chipatala cholipira. Mwana anali atatsamira paphewa panga, malaya ake atanyoweratu ndi thukuta, ine dzanja limodzi ndikupereka foni kwa mtsikana wa pakauntala kuti aone tsamba lanu lija. Analemba nambala, n'kuimba foni, n'kudikira. Kenako anatembenuzira kompyuta kwa ine ndi kuloza mzere umodzi ndi cholembera: inshuwalansiyi imagwira ntchito pa maulendo ambirimbiri m'chaka, koma ulendo uliwonse usapitirire masiku 30. Kwa ife inali itasiya kugwira ntchito kalekale, mwezi woyamba utangotha.

Imeneyo ndi inshuwalansi ya munthu wa bizinesi wopita ku Johannesburg kapena ku Dubai kukaoda katundu n'kubwerako sabata yomweyo. Si ya mayi wosamuka ndi mwana. Inu mumagulitsa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku, kusiyana kwake mukukudziwa. Chikalata chonse cha malamulo a inshuwalansiyo simunanditumizire. Ndinachiona koyamba kampani ya inshuwalansi itanditumizira mwana ali kale pa diripi. Usiku umenewo ndinalipira ndi ndalama za lendi, zotsalazo anatumiza mchimwene wanga atakongola kuntchito kwake. Mwanayo anachira, Mulungu ndi wabwino. Koma ndikaganiza kuti miyezi yonse ija tinkakwera mabasi, mwana ankasambira m'nyanja ku Flic en Flac, ankapita kusukulu tsiku lililonse, tilibe chitetezo chilichonse pamene ine ndinkakhulupirira kuti tili nacho, tulo timandithawa. Bwanji ikanakhala ngozi ya pamsewu yofuna opaleshoni? Bwanji zikanafunika ndege yotibwezera kumudzi? Palinso china: inshuwalansi yokwanira ndi chimodzi mwa zimene boma lino limafuna popereka chiphasochi, ndiye munandiyikanso pa chiopsezo choti ndioneke ngati ndinanama pa fomu ya boma, ine wosadziwa kanthu.

Za nyumba sindichulutsa mawu. Munati mwatipezera ya chaka, koma mwiniwake anali ndi pangano la masabata awiri okha. Tinagwirizana naye patokha, zinatha.

Chimene chandichititsa kuti ndisadikirenso ndi malonda amene mukuulutsa masiku ano, oti achinyamata akagwire ntchito ku Mauritius pa Premium Visa. Abwana, chiphaso chimenechi sichilola munthu kulembedwa ntchito m'dziko muno. Ndalama zake ziyenera kuchokera kunja. Wofuna ntchito ku hotela za ku Grand Baie kapena m'maofesi a ku Ebene amafunika chilolezo china, Work Permit kapena Occupation Permit, ndipo kawirikawiri pamafunika kampani yomulemba ntchitoyo. Pali mnyamata wa ku Area 25 kapena ku Ndirande amene akuwerenga malonda anuwo pompano, makolo ake akuganiza zogulitsa puloti kuti mwana akapeze tsogolo. Akafika kuno n'kuyamba ganyu, wathyola lamulo, ndipo wovutika ndi iyeyo, inu muli phee mu ofesi. Simuwauzanso kuti munthu akakhala kuno masiku 183 kapena kupitirira m'chaka cha msonkho, malamulo a msonkho a Mauritius amayamba kumukhudza, moti ayenera kufunsa bwino asanayambe kuika malipiro ake m'banki ya kuno. Munthu amene akukulipirani kuti mumulangize ayenera kumva zimenezi asanakwere ndege pa Kamuzu kapena pa Chileka.

Sindikunyoza dziko lino ayi. Magetsi sakundivuta, ntchito ikuyenda, anthu ake atilandira bwino, ndipo chiphasochi n'chabwino kwa amene ali ndi ntchito yeniyeni ya pa intaneti. Vuto langa lili ndi inu.

Ndikufuna mundibwezere madola onse a visa fee, m'madola monga ndinaperekera, osati m'makwacha pa mtengo wodzisankhira inu. Ndikufunanso ndalama za inshuwalansi ija pamodzi ndi zimene ndinalipira kuchipatala. Malisiti onse ndinakutumizirani pa imelo, ndipo ndikhoza kutumizanso. Malonda aja muwachotse lero lomwe. Ndipo aliyense amene munamutumiza kunja kukakhala nthawi yaitali ndi inshuwalansi yomweyi, muimbireni foni sabata ino mumuuze zoona, chifukwa mwina pali mayi wina ku Cape Town kapena ku Windhoek amene ali ndi tsamba limodzi lomwelo m'foni mwake, akuganiza kuti ana ake ndi otetezedwa. Inu owerenga amene munadzera pa kampani ina iliyonse, pemphani chikalata chonse cha inshuwalansi yanu, mufufuze mzere wonena za kutalika kwa ulendo umodzi.

Mwezi uno ukatha musanandiyankhe polemba, nkhani ya visa fee ndikaitula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, ya inshuwalansi ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ndipo dzina la kampani ndidzalilemba poyera pamodzi ndi malisiti. Mchimwene wanga ali ku Lilongwe ndi kalata yomupatsa mphamvu zondiyimira. Mukafuna kulankhula ndi ine mwini, nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola awiri, ndipo foni yanga imakhala yotsegula mpaka mutaweruka.