Kalata kwa a Dr Tedros: majakisoni mukutumiza, nanga zinyalala zake ndi za ndani?

Bwana Dr Tedros Adhanom Ghebreyesus, mkulu wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO,

Inu munakhalapo nduna ya zaumoyo ku Ethiopia kuyambira 2005 mpaka 2012, ndiye sikuti ndikuuzeni zachilendo ayi, mukudziwa mmene kumakhalira kuseri kwa zipatala zambiri m'mayiko osauka. Kadzenje kofuka utsi tsiku lonse, thonje lamagazi, magolovesi osungunuka theka, timabotolo ta mankhwala tophulika ndi moto, masingano ali mbwee paphulusa poti chitsulo sichipsa ndi moto wa parafini, ana akudutsa pomwepo opanda nsapato.

Lipoti la bungwe lanu lomwe la February 2022 linati kuyambira March 2020 mpaka November 2021 mabungwe a UN anagula zodzitetezera ku Covid-19 zolemera matani pafupifupi 87,000 n'kutumiza m'mayiko osiyanasiyana, ndipo katemera oposa 8 biliyoni amene anabayidwa padziko lonse anasiya matani 144,000 a majakisoni, masingano ndi timabokosi totayira. Lipoti lomwelo likuti zipatala 30 pa 100 zilizonse zilibe njira yosamalira ngakhale zinyalala za masiku onse, ndipo m'mayiko osaukitsitsa ndi 60 pa 100. Ndiye funso langa ndi lakuti, potumiza katunduyo mumaganiza kuti akathera kuti? Othandiza amalipira jakisoni kuchokera ku fakitale, ndege, firiji, galimoto, mpaka singano ilowe pamkono pa mwana, ajambule chithunzi, basi bajeti yathera pomwepo. Zotsalazo aone yekha wokolopa m'wodi.

Mayiko olemera nawo anachita kudzidzimutsidwa. Ku America lamulo lolondoloza zinyalala za m'chipatala linabwera mu 1988 majakisoni atayamba kukocheza m'magombe a New Jersey ndi New York, anthu osambira atakwiya. Ndalama zinalipo ndiye zinatheka msanga. Koma olemera omwewo nthawi zina amangokankhira anzawo, onani za Sri Lanka, yomwe inalandira makontena 263 ochokera ku Britain olembedwa ngati ndi katundu wakale wokakonzanso koma mkati munapezekanso zinyalala za m'chipatala, ndipo anamaliza kuwabweza mu 2022. Chonsecho pangano la Basel loletsa mchitidwe umenewu linasainidwa kale mu 1989.

India anayesetsa, malamulo awo a 2016 amanena mtundu wa thumba kapena bini pa chinyalala chilichonse, chikasu, chofiira, choyera, chabuluu. Ineyo ndimaona kuti nkhani yonse yagona pamenepa, pa kusankhula. Inu nomwe mumati zinyalala 85 pa 100 za m'chipatala ndi wamba ngati mapepala ndi zokutira, zoopsa ndi 15 pa 100 zokha, koma nesi akasowa thumba lachikasu n'kuponya bandeji yamafinya m'bini ya mapepala, bini yonseyo yasanduka yoopsa, ndiye chipatala chomwe chikanatentha kamulu kochepa chikutentha phiri. Ndipo musafulumire kumunena nesiyo, matumba akatha atani, asunge bandeji m'thumba la yunifolomu?

Za ng'anjo zotenthera zinyalala nazo ndidandaule. Malangizo anu amati moto uzifika madigiri 850 mpaka 1,100 komanso utsi uzisefedwa, apo ayi pulasitiki wa PVC amene ali m'mapaipi a dilipi ndi matumba a magazi amatulutsa poizoni wa dioxin, amene amayambitsa khansa ndipo pangano la Stockholm la 2001 linamuika pa mndandanda wa zoyenera kuchepetsedwa. Nanga ng'anjo yamphatso yobwera ndi mwambo wodula riboni koma yopanda dizilo wa chaka chamawa, yopanda mmisiri, yopanda masipeya, ifika bwanji 850? Imangokhala chumuni chakuda chothira utsi m'mawindo a wodi ya amayi oyembekezera. Philippines inaika lamulo loletsa kutentha zinyalala kotulutsa utsi wapoizoni mu 1999, ndipo makina ophika zinyalala ndi nthunzi alipo, koma nawonso amafuna magetsi ndi madzi osadukaduka, ndiye osamangokopera za dziko lina osaona kaye ngati magetsi amayaka.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi onyamula zinyalalawo. Munthu akabayidwa ndi singano yochokera kwa wodwala matenda a chiwindi a hepatitis B, mwayi wotenga ndi pafupifupi 30 pa 100, pomwe HIV yomwe aliyense amaiopa ndi 0.3 pa 100 yokha. Katemera wa hepatitis B alipo, ndiwotchipa, koma akabwera amayambira madokotala ndi manesi, wokolopa ndi wotentha zinyalala amaiwalidwa poti ambiri ndi aganyu, alibe olo jombo kapena magolovesi okhuthala. Osanena za otola zitsulo kumtaya. Ku Goiânia ku Brazil mu 1987 anthu anatola makina akale owotchera khansa m'chipatala chosiyidwa, anawaphwanya kuti akagulitse chitsulo, ufa wowala wa caesium, wotulutsa cheza choopsa, womwe unali m'makinawo unafalikira m'makomo ndipo anthu anayi anamwalira.

Pempho langa bwana ndi ili, pa msonkhano waukulu wa nduna za zaumoyo womwe mumachita ku Geneva mwezi wa May, kankhani kuti thandizo lililonse la katemera, zoyezera kapena magolovesi lizibwera ndi ndalama yake yotayira, yolembedwa payokha, ya matumba, timabokosi ta masingano, dizilo ndi malipiro a mmisiri, osati ya masemina m'mahotela. Komanso dziko lililonse lizinena poyera kuti mwa onyamula zinyalala m'zipatala zake ndi angati abayidwa katemera wa hepatitis B.

Ndine,
Mmodzi mwa odandaula ndi za umoyo wa anthu