Anamzeze afika, nanga iwe?

Mnzanga,

Kalata yako ndailandira, masamba onse ndi madandaulo a chisanu basi. Ukanakhala ku Liwonde Loweruka lapitali ukanachipepesa chisanucho. Kutentha kwake, mpaka sopo wa m'chikwama anafewa.

Eya, tinalowa kupaki kuja tinkangokudutsa pa basi n'kumati ndi kwa azungu. Anatikakamiza ndi mlamu wako. Tinakwera boti pa Shire m'mawa. Mvuu zili mbwee, timakutu tokha pamwamba pa madzi, ng'ona zitayasamula pamchenga, nkhwazi ikulira pansonga ya mgwalangwa. Njovu tinazipeza zikumwa tsidya linalo. Paja mu 2022 anasamutsapo 263 kupita ku Kasungu, koma sungadziwe kuti zinachotsedwapo. Mikango imene a African Parks, bungwe loyang'anira pakiyi, anabweretsa mu 2018 sitinaione, ndiye mlamu wako mpaka lero akuwerengetsa ndalama ya pageti ngati mkango unamulonjeza kanthu.

Ine zanga zinali pa anamzeze. Pakiyi ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400, koma amene anandigwira mtima ndi omwewa timawaona pa mawaya a magetsi. Wotiperekeza anafotokoza kuti ena mwa iwo amachokera ku Ulaya, kwanu komweko. Kukayamba kuzizira amanyamuka, kuoloka nyanja ya Mediterranean, kudutsa chipululu cha Sahara, n'kudzafika kuno mvula ikuyandikira, tizilombo touluka titachuluka. Cha mu Malichi kapena Epulo amabwerera kukaikira mazira. Chaka ndi chaka, aise! Kambalame kosakwana magalamu 25. Kalibe pasipoti, kalibe bwana wokakaniza tchuthi, sikadikira kuti matikiti atsike mtengo. Iwe uli ndi sutikesi, foni ziwiri ndi jekete la ubweya, koma Chileka yakukanika. Ndinafika pomayang'ana kalikonse kodutsa pamwamba pa boti n'kumati mwina aka kanagonapo padenga la nyumba yako. Ndinakafunsa za iwe. Ana anandiseka, wotiperekeza anangoyang'ana kumbali.

Ndikuseka, koma mayi ako ndinawaona Lamulungu potuluka m'tchalitchi. Anandigwira dzanja nthawi yaitali asanandizindikire, maso aja akupitirira kuvuta. Sanafunse za ndalama. Anangoti, "Mnzako uja akuti liti?" Ndinawayankha kuti posachedwa. Usandisandutse wabodza.

Mchemwali wako chinkhoswe ndi mwezi wamawa, adzakuuza yekha. Chimene sangakuuze n'choti anyani anatibera mandasi onse tikutsika boti, thumba lonse, ine nditangodyapo limodzi. Nsapato zanga zatsopano zija zinamira m'matope, ndachapa kawiri koma fungo la Shire silikuchoka. Udzudzu nawo unandisankha ine ndekha m'boti lonse.

Ukabwera tidzapite limodzi, koma mu Juni kukuzizira, ndipo mlamu wako tidzamusiye. Za padenga la agogo ndimati ndikuuze kuti malata aja, koma magetsi azima ndipo kandulo watsala kachidutswa, ndiye